Nyengo yasintha, inde, koma ndani akulemba?

Pamaliro, pachigayo kapena pamsika wa Chitakale, nkhani ya nyengo sichedwa kubuka. Wina amati kale mvula yobzalira inkagwa pakati pa Okutobala osaphonya. Wina amati chiperoni cha masiku ano n'chamasewera, chakale chinkatha sabata yathunthu dzuwa osaoneka. Wina amalumbira kuti kamtsinje ka kwawo sikankaphwa. Onsewa mwina akunena zoona. Koma afunseni kuti chinali chaka chiti, tsiku liti, madziwo ankalekezera pati, yankho lake ndi limodzi: kalekale. Mlimi amene akufuna kudziwa ngati abzale sabata ino kapena adikire sapindula kanthu ndi yankho lotere.

Maganizo anga ndi akuti sukulu iliyonse, mpingo kapena komiti ya mudzi kuno ku Mulanje ikhale ndi malo amodzi osasinthasintha, pamene munthu aziima tsiku lomwelo la sabata, nthawi yomweyo, n'kulemba m'kope zimene akuona: mvula, mitengo, madzi, mitambo paphiri, tizilombo ndi mbalame. Ntchitoyi ndi yotopetsa, sitingabise. Komabe ndi yaphindu kuposa misonkhano yambiri ya kusintha kwa nyengo imene imathera pa botolo la Fanta ndi kusainira alawansi.

Mutu wa munthu umasunga zoopsa n'kutaya zatsiku ndi tsiku. Palibe wa kuno amene angaiwale Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri. Achikulire amakumbukabe Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Anamondwe a Idai wa 2019 ndi Ana wa 2022 tikuwakumbukanso. Koma ndani angatchule sabata imene kasupe wa kwawo anayamba kuchepa mu 2018, kapena masiku amene mvula inadula mu Januwale 2020? Chonsecho ulimi umayendera zing'onozing'ono zomwezi: tsiku lobzala, kutalika kwa ng'amba yapakati pa dzinja, mwezi umene dimba limauma.

Nthambi yoona za nyengo imalengeza ulosi wa dzinja chaka chilichonse, ndipo masiku ano ulosiwo umafika mpaka pa boma ndi boma. Ndi ntchito yabwino, tiziimvera. Vuto ndi phiri lathuli la Mulanje. Ndi lalitali mamita 3002 pa Sapitwa, ndipo limatchinga mphepo yachinyontho yochokera kumwera chakum'mawa, kotero mbali ya Lujeri ndi Ruo imalandira mvula yodutsa mamilimita 2000 zaka zambiri, pamene chigwa cha Phalombe kuseri kwake chimalandira pafupifupi theka la imeneyo. Sizifuna buku kuti muone: tiyi amathera pomwe chinyontho chimathera. Midzi iwiri yoyenderana pa njinga ikhoza kukhala ndi madzinja awiri osiyana chaka chimodzi, ulosi wa pawailesi uli umodzi.

Maesiteti a tiyi anazindikira zimenezi kuyambira nthawi ya atsamunda. Amayeza mvula tsiku lililonse, ndipo ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi ndi oyezera nyengo. Bwana wa esiteti akamati chaka chino tiyi wachedwa kuphuka, amanena manambala a zaka makumimakumi ali patebulo. Mlimi wa chimanga ndi nandolo amene munda wake wachita malire ndi esitetiyo amanyowa ndi mvula yomweyo, koma alibe nambala ngakhale imodzi. Zida zake sizidula ayi. Chimene tikusowa ndi chizolowezi cholemba.

Malowo asankhidwe mosamala, chifukwa mukadzawasintha pakati panjira, zimene munalemba poyamba sizingafanizidwenso ndi zatsopano. Akhale pafupi, ulendo wosaposa mphindi khumi, apo ayi ulesi udzapambana mwezi wachitatu usanathe. Akhale poonekera phiri, pokhala mitengo yokhazikika, ndipo chapafupi pakhale madzi: kamtsinje, kasupe kapena chitsime. Asakhale m'khwawa mothamanga madzi. Ngati ndi m'malire a esiteti kapena a nkhalango yotetezedwa, pemphani kaye kwa eni ake. Amfumu nawo adziwe, kuopa kuti anthu angaone munthu akuzungulira mitengo ya eni ali ndi kope n'kuyamba kumuganizira zina. Poimapo ikani mwala waukulu wosanyamulika, muupake penti. Muli ndi foni ya kamera, jambulani mutaima pamwalapo, mutayang'ana mbali imodzimodzi, osakoka chithunzi, ndipo m'chithunzimo muzikhala chinthu chosasuntha monga thanthwe, Chambe kapena nsonga ina ya phiri. Koma foni isalowe m'malo mwa kope. Mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, amagulitsidwa njala ikavuta.

Mvula yokha ndiyo imafuna kuyezedwa tsiku lililonse. Zina zonse kamodzi pa sabata n'kokwanira. Choyezera chenicheni chikapezeka ndi bwino, koma chitini chowongoka, chofanana kukula kuyambira kukamwa mpaka pansi, chimagwira ntchito. Ndowa siyenera, chifukwa ndi yotambalala kumwamba, yopanikizika pansi, ndiye imanamiza kuti mvula yachuluka. Botolo la pulasitiki nalo pansi pake si posalala. Chitinicho chimangiriridwe pamzati, mita imodzi kuchoka pansi, kuti mbuzi, nkhuku ndi madontho odumpha padothi zisasokoneze. Kukamwa kwake kupitirire nsonga ya mzatiwo ndipo kukhale kosapendekeka. Chitalikirane ndi nyumba kapena mtengo uliwonse kawiri kutalika kwa chinthucho: mtengo wa mango ukakhala wa mamita 8, chitini chikhale mamita 16 kapena kuposerapo. Chikayandikira, masamba amatchinga mvula yobwera ndi mphepo kapena kudonthezera madzi owonjezera, ndipo simungadziwe kuti lero chachitika n'chiti.

Muziwerenga 8 koloko m'mawa, nthawi imene a zanyengo amawerengera, ndipo nambalayo ilembedwe pa tsiku ladzulo, popeza maola ambiri a mvulayo anali a dzulo. Cholakwika chofala ndi kuviika rula wa kusukulu m'madzimo. Marula ambiri ali ndi kachigawo kopanda manambala kunsonga. Kakakhala ka mamilimita 5, pa masiku 80 a mvula mutha kutaya mpaka mamilimita 400 osadziwa. Viikani kamtengo kouma kowongoka, kenako yezani pamene panyowa. Mvula ya mamilimita awiri kapena atatu siwerengeka bwino ndi kamtengo, choncho pamenepo tengani sirinji yopanda singano. Chitini cha kukamwa kwa masentimita 10 chimasunga mamililita pafupifupi 8 pa milimita imodzi ya mvula, ndiye mukapopa mamililita 40, kwagwa mamilimita 5. Mukatha, khuthulani. Tsiku lopanda mvula lembani 0, tsiku limene simunapite jambulani mzere. Musasiye mpata wopanda kanthu, chifukwa pakatha zaka zisanu palibe adzadziwe ngati kunali ng'amba kapena wolemba anali kumaliro. Nthawi ya namondwe chitini chimasefukira. Pa Freddy, ku Nkhulambe ku Phalombe kunagwa mamilimita oposa 1000 m'masiku anayi okha. Masiku otere werengani kawiri kapena katatu, kukhuthula n'kuphatikiza, pokhapokha ngati kutuluka panja sikuika moyo pachiswe.

Manambalawa amayamba kugwira ntchito dzinja loyamba lomwelo. Milimita imodzi ndi lita imodzi pamalo a mita imodzi mbali zonse. Pa ekala ndi ndowa pafupifupi 200 za malita 20. Alangizi ambiri amati mvula yobzalira ndi yofika mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana. Chizimalupsa cha mu Okutobala chimabwera ndi mabingu, fungo la dothi ndi chisangalalo, koma kawirikawiri chimangonyowetsa pamwamba. Mwini chitini amaona kuti ndi mamilimita 9, amakumba ndi khasu n'kupeza kuti chinyontho chalekeza pa zala ziwiri, amasunga mbewu yake. Mnzake amabzala, mbewu imamera, dzuwa la masabata awiri limaiwotcha, n'kukagulanso paketi ina pamtengo wokwera.

Chitini chili ndi malire ake, ndipo kuno malirewo ndi chiperoni. Kamvula ka Juni ndi Julayi kameneka kamabwera ndi mphepo yozizira yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique. Madzi ake ambiri amakodwa m'masamba ndi mu udzu n'kumadontha, osalowa m'chitini, moti kope likhoza kunena kuti kwagwa milimita imodzi pamene tiyi, nandolo ndi chinangwa zamwa ndithu. Ndiye sankhani zizindikiro zitatu paphiri, chapamwamba, chapakati ndi chapansi, muzilemba pamene nkhungu yalekezera ndi ola limene dzuwa laonekera. Kansalu komangirira pansungwi yaitali kazikuuzani kumene mphepo ikuchokera.

Pa mitengo m'pamene pamafunika kudekha kuja kwa wofuna kuona maso a nkhono. Sankhani mitundu itatu kapena inayi yokhudza moyo wa anthu: mango, mapeyala, msuku, ndi mtengo wachilengedwe monga mombo. Mtundu uliwonse ukhale ndi mitengo isanu ngati n'kotheka, yolembedwa manambala ndi penti, osati kuikhoma misomali. Mtengo umodzi umanamiza. Mango amakonda kubereka kwambiri chaka china n'kupuma chaka chotsatira, ndiye mukatsata umodzi mudzaimba mlandu nyengo pa khalidwe la mtengowo. Musasakanize maboloma ndi kalisere kapena mango omezanitsa, chifukwa sayendera nthawi imodzi. Pewaninso mtengo wa pafupi ndi mjigo kapena bafa, umene umamwa madzi chaka chonse.

Pamtengo uliwonse onani zinthu zisanu: masamba atsopano, maluwa, zipatso zanthete, zipatso zakupsa ndi kuyoyoka kwa masamba. Chilichonse chipatseni nambala: 0 palibe, 1 pang'ono, 2 theka la mtengo, 3 kupitirira theka, 4 mtengo wonse. Anthu amathamangira kulemba tsiku limene aona duwa loyamba, koma tsiku limenelo limadalira maso a woonayo ndi mbali imene waima. Lodalirika ndi tsiku limene mitengo itatu mwa isanu yafika pa 2. Limenelo ndilo lofaniza chaka ndi chaka.

Pamtsinje, jambulani mizere ya penti pachipilala cha mlatho kapena pathanthwe, yotalikirana masentimita 10, yoti iwerengeke muli pamtunda. Pakasupe kapena pampopi wochokera m'phiri, tcherani ndowa ya malita 20 n'kuwerenga masekondi mpaka idzaze. Chitani katatu, mutenge nambala yapakati. Ikadzaza m'masekondi 40, ndiye kuti pakutuluka malita 30 pa mphindi. Okutobala uno ikamatenga masekondi 120 pamene Okutobala wathayo inkatenga 70, komiti ya madzi ili ndi chonena chogwirika. Tunganinso madzi m'botolo loonekera mkati, agone usiku umodzi, muyeze matope otsalira pansi. Amenewo ndi dothi la m'minda ndi la m'malo owotcha makala kumtunda. Chosokoneza n'chakuti mitsinje ya m'phiri monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo imagubuduza miyala ndi mchenga, kotero chigumula chikadutsa mzere womwewo sukhalanso ndi tanthauzo lakale. Lembani tsiku limene mtsinje wasintha, komanso sabata imene a madimba kumtunda ayamba kupatutsa madzi.

Munthu amene amaona malo amodzi sabata iliyonse ndiye woyamba kuzindikira zachilendo: mng'alu watsopano pamalo otsetsereka, mtengo woyamba kupendekeka, kasupe wotumphuka pamene panalibe, kapena mtsinje wochepa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, zimene zingatanthauze kuti watsekeka kumtunda ndipo utsika ndi mphamvu. Zoterezi sizidikira tsiku lolemba. N'zokauza amfumu ndi komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi nthawi yomweyo, anthu achoke m'khwawa. Ndipo mwana asatumidwe kumtsinje mvula ikugwa, ngakhale kope litsale ndi mzere.

Tsopano nkhani imene imautsa mkangano: zizindikiro za makolo. Ophunzira ena amaziseka, achikulire ena safuna kuti zifunsidwe. Onse akulakwa, chifukwa zizindikirozi si zamtundu umodzi. Zina zimatsata dzuwa ndi kutentha. Mombo umaphuka masamba ofiira mu Seputembala ndi Okutobala dontho la mvula lisanagwe, pogwiritsa ntchito zimene mizu yake inasunga ndi chinyontho chapansi penipeni. Nyenje zimalira kukatentha. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika cha mu Okutobala chifukwa kwawoko kwayamba kuzizira. Izi zimatiuza kuti nthawi yafika, koma za kuchuluka kwa mvula sizinenapo kanthu. Zina zimatsata chinyontho chimene chagwa kale: ngumbi, abongololo, achule, bowa wa utale. Ngumbi zikatuluka ndi umboni wabwino woti dothi lanyowa, koma chulu sichidziwa ngati mu Januwale mudzakhale ng'amba. Zoloseradi ndi mphepo ndi mitambo, koma zimalosera za maola kapena masiku ochepa: mphepo ya mpoto m'dzinja imabwera ndi chinyontho cha ku Congo, mwera wa nyengo yozizira umabwera ndi chiperoni.

Tengani chikhulupiriro chakuti mango akabereka mopyola muyezo ndiye kuti kukubwera njala. Mtengo wa mango umachita maluwa ambiri usiku ukakhala wozizira ndi wouma mu Juni ndi Julayi, ndipo chiperoni chikapitirira maluwa ali pamtengo, matenda obwera ndi chinyezi amawayoyola. Ndiye kuti mango akunena za miyezi yapita. Woti miyezi yapitayo imayenderana ndi dzinja likubweralo ali ndi ufulu wotero, koma kukweza mawu pabwalo sikungathetse nkhaniyi. Kope la zaka khumi, manambala a mango mbali ina, mamilimita mbali ina, ndilo lingaweruze. Ndipo agogo odziwa mayina a mbalame ndi mitengo ndiwo oyenera kukhala pambali pa mwana wolembayo, chifukwa mwana wa sitandade 7 sasiyanitsa namzeze wobwera ndi wokhala konkuno.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera. Amati zaka zitatu kapena zisanu si nyengo. N'zoona. Akatswiri amatenga zaka 30 kuti anene kuti malo akutiakuti nyengo yake ndi yotere, ndipo dzinja limodzi la El Niño monga la 2023/24, pamene boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, likhoza kupotoza kope laling'ono. Wodzaimirira pamsonkhano ndi kope la zaka ziwiri n'kunena kuti watsimikiza za kusintha kwa nyengo adzakhala akunama. Koma phindu la chitini pa tsiku lobzala silidikira zaka 30. Mbozi za ntchemberezandonda, zimene zakhala zikuvutitsa chimanga kuyambira cha mu 2017, ndi chitsanzo china: onani mapesi 10 pamalo asanu m'munda wapafupi sabata iliyonse, lembani kuti ogwidwa ndi angati, ndipo dzinja lotsatira mudzadziwa sabata yoyambira kusuzumira m'mitima ya chimanga mbozi zikadali zazing'ono zosavuta kupha.

Amatinso zimene mukuona pamalo anupo mwina si nyengo koma zochita za anthu. Kasupe akhoza kuphwa chifukwa mitengo ya kumtunda yapita ku makala kapena bulugamu wabzalidwa pafupi. N'zoonanso, ndipo ndi chifukwa china cholembera. Mvula ikakhala yofanana ndi ya zaka zapitazo koma ndowa ikuchedwa kudzaza, mlandu suli kumwamba. Mawu akuti kusintha kwa nyengo asanduka pobisalira. Phiri limapsa chaka ndi chaka m'chilimwe, moto n'kupha timitengo ta mkungudza timene anthu avutika kubzala, koma pamsonkhano timaloza mayiko akutali. Mlandu wa mayikowo ulipodi, sindikuwaikira kumbuyo. Kope limathandiza kusiyanitsa gawo lawo ndi lathu, makamaka mukamalembanso masiku amene utsi waoneka paphiri.

Mfundo imene ndimaiopa kwambiri ndi yakuti ntchito zotere zimafa. Zoyezera mvula zogawidwa ndi mapulojekiti zimawerengedwa bwino alawansi ikamabwera. Ikatha, ana amaseweretsa. N'chifukwa chake kope lisakhale la pulojekiti, lisakhalenso la munthu mmodzi. Aphunzitsi amasamutsidwa. Tchuthi cha sukulu chimagwa mu Ogasiti mango ali ndi maluwa, ndi kumapeto kwa Disembala mvula ili mkati, ndiye pakhale anthu awiri okhala pafupi amene sachoka, mwina mlonda wa pasukulu ndi mayi wa m'komiti. Kope likhale lachikuto cholimba, lolembedwa ndi pensulo kapena bolopeni wamba, chifukwa inki ina imasungunuka ndi chinyezi cha kuno. Lisungidwe m'jumbo, pamwamba, kutali ndi chiswe. Mwezi ukatha, manambala akopedwe m'kope lachiwiri losungidwa nyumba ina, ndipo alangizi a m'deralo apatsidwe chiwerengero cha mvula ya mweziwo. Patsamba loyamba palembedwe pamene pali mwala, kukula kwa chitini, mtundu wa mtengo uliwonse ndi nambala yake, komanso ola lowerengera. Chitini chikachita dzimbiri n'kusinthidwa, mtengo nambala 3 ukadulidwa, kapena wolemba akasintha, tsiku lake lilembedwe patsamba lomwelo, kuti wodzawerenga asadzayese kuti yasintha ndi mvula pamene chasintha ndi chitini.